Mababu Osadya Magetsi

Nyumba ya magetsi tinailowa koyamba titasamukira ku Naperi, m'zaka za m'ma 1980, dziko lili ndi chipani chimodzi, wailesi imodzi ndi yankho limodzi pa funso lililonse. Amuna anga anali kalaliki pa fakitale ina ku Makata. Chaka chimenecho anawakweza pantchito, anawapatsa tebulo lawolawo ndi mtolo wa makiyi, ndipo anabwera kunyumba n'kundiuza kuti munthu wamakiyi sangamakhale ku Ndirande n'kumanunkha palafini. Tonse awiri ndife a kuchigwa, ku Chikwawa, ndipo tinakulira mu utsi wa koloboyi, koma iwo ankanena za palafiniyo ngati matenda amene ndinabwera nawo ine m'banjamo.

Mwezi woyamba nyumba yathu inkawala ngati chipatala. Ankayatsa paliponse, pabalaza, kuchipinda, kubafa, ngakhale pakhonde dzuwa lili pamutu, kuti odutsa adziwe kuti muno mwalowa anthu. Kenako inafika bilu. Sindinaone zimene zinalembedwamo, ndinangoona nkhope ya woiwerengayo. Anaipinda bwinobwino, n'kutuluka kukaima kuseri kwa nyumba kumene kunali mita. M'kati mwa mitayo munali kambale kozungulira. Anakayang'anitsitsa kambaleko nthawi yaitali, manja kumbuyo, ngati mwini munda amene wapeza anyani m'chimanga chake.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalowa boma. Ayironi yamagetsi imene anagula okha monyadira anaitsekera m'sutikesi, ine n'kubwerera ku nsimbi yamakala. Babu linkayaka limodzi basi, ndipo tonse tinkaliunjikira ngati ngumbi. Akaweruka kuntchito ankadzera kaye kuseri kukapereka moni kwa mita, kenako n'kulowa ndi funso lakuti, "Ndani amayatsa kubafa masana?" Mwana wathu anali asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo mlamu wanga, mchemwali wawo wamng'ono amene tinkakhala naye, ankaswera kusukulu yosoka. Funsolo linali ndi mwini wake mmodzi.

Mlamu wangayo anali atapeza mwamuna, mnyamata wofatsa, kalipentala, wa ku Mulanje koma makolo ake ochokera ku Mozambique. Chinkhoswe chinali choti chichitikire pakhomo pathu. Ndiye Loweruka lina tinakwera basi kupita ku Limbe kuti ndikasankhe nsalu.

Pakhonde la sitolo ina ya mmwenye, pakati pa telala ndi mayi wogulitsa mtedza, panali bambo wina wovala tayi ndi jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Patsogolo pake panali katoni, ndipo m'manja ananyamula babu loyaka, waya wake atamulumikiza penapake kuseri kwa makina a telala. Masana babu lililonse limaoneka laulemu.

"Bwana!" anaitana. Sanaitane wina aliyense koma amuna anga, poti makiyi aja ankawapachika palamba ngakhale Loweruka. "Inu mukuoneka kuti kwanu n'kwa magetsi. Bilu ikukusowetsani mtendere, ndanama?"

Amuna anga anaima ngati amva dzina lawo la ubatizo.

"Mababu awa ndi a ku Joni, bwana. Amagwiritsa ntchito azungu a m'migodi, anthu osafuna kuwononga. Babu wamba limadya magetsi. Ili silidya, limangonunkhiza."

"Ndi a mawati angati?" anafunsa amuna anga ndi mawu awo a kuofesi.

Bamboyo anaseka mwachifundo. "Mawati? Bwana, mawati ndi amene akukusautsaniwo. Awa anawachotsa mawati onse kufakitale komweko."

Amuna anga anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akuganiza zomwezo kwa nthawi yaitali koma amasowa womumvetsa.

Ine ndinatola babu limodzi m'katonimo. Pamutu pake, pamene pamakhala zolemba, panali popalidwa ngati wina anakwechapo ndi mchenga. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Dona ali ndi maso," anatero bamboyo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Timafufuta dala, mayi, kuti a kampani ya magetsi asawazindikire. Akangowadziwa awaletsa. Mukuganiza kuti iwo angakondwe anthu atasiya kulipira?"

Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yatha. Masiku amenewo chilichonse chonenedwa mokweza tinkachikayikira, koma chonong'onedwa tinkachimeza osatafuna.

"Bambo a mwana," ndinayesa, "bwanji tigule limodzi tikayese kaye?"

"Mayi a mwana, inu munabwerera nsalu. Lowani mukasankhe nsalu."

Pamene ndinkatuluka m'sitolomo, katoni yonse inali m'manja mwawo. Mtengo wake akuti unali wotsika kwambiri moti kusiyako ngakhale limodzi kukanakhala kupusa. M'basi anaifungata pamiyendo, n'kumadzudzula dalaivala pa dzenje lililonse. Mwana wawo weniweni sanamunyamulepo mosamala chotero.

Titafika anakwera pampando, n'kumasula mababu onse akale. Anawakulunga m'nyuzipepala n'kukawapereka kwa aneba athu, aphunzitsi opuma pantchito, ndi mawu achisoni akuti poti iwo ndi achikale, awa awathandizabe. Kenako tinakhala pabalaza kudikira kuti kude.

Kutada, anatiimika tonse, anatsokomola, n'kudina swichi.

Poyamba ndinaganiza kuti magetsi athima. Kenako ndinaona kudenga kachinthu kofiira, ngati ndudu ya munthu amene akusuta ali kutsidya la mtsinje. Kankalira pang'ono ngati udzudzu. Mlamu wanga anali pambali panga pomwepo, koma ndinkangomuzindikira ndi fungo la mafuta ake.

"Mwaona?" anatero amuna anga.

"Tikuyesetsa, achimwene," anayankha mlamu wanga.

"Vuto ndi maso anu. Anazolowera kuwononga. Apatseni nthawi, azolowera."

Anathamangira kuseri ndi machesi kukaona mita, n'kubwerako akumwetulira, akuti kambale kaja kakuyenda ngati nkhalamba yopita kumaliro.

Maso athu sanazolowere, koma mphemvu zinazolowera msanga. Kale ukayatsa kukhitchini zinkabalalika. Tsopano zinkangotukula tinyanga tawo n'kupitiriza zimene zinkachita, poona kuti kukadali usiku. Nyemba ndinkasankha madzulo chifukwa masana ndinkatanganidwa ndi mwana, ndipo miyala ina inkadutsa. Tsiku lina amuna anga analuma mwala mpaka ndinaumva ndili kukhitchini. Anaulavulira m'manja mwakachetechete n'kuuika m'thumba, chifukwa kudandaula za mwalawo kukanakhala kudandaula za babu. Nyuzipepala ankaiwerengabe pabalaza tsiku lililonse, ataigunditsa pamphuno, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhani zambiri ankazipeka okha. Sizinkasiyana kwenikweni ndi zolembedwazo.

Zikanathera m'nyumba mwathu zikanakhala bwino. Koma amuna anga sanali munthu wosunga nzeru. Anayamba kulalikira za mababuwo pa siteji ya basi, kuntchito, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero akatha. Ndipo tsiku lina kunabwera a tcheyamani.

A tcheyamani a nthambi ya chipani m'dera lathu anali bambo wamfupi, wamimba, mwini kagolosale kapakona. Pachifuwa sipankachoka baji ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Pamsonkhano uliwonse ankatikumbutsa kuti nthawi ya chitaganya iwo anaima patsogolo pa mfuti za atsamunda osaphethira ngakhale kamodzi. Anabwera kudzandiuza kuti ndakhala ndikujomba kokonzekera magule a amayi, ndipo anthu ayamba kufunsa. Amuna anga, pofuna kusintha nkhani, anawaonetsa mababu, n'kuwalongedzera angapo m'pepala ngati mphatso.

Pamsonkhano wotsatira a tcheyamani anaimirira n'kunena kuti kusamala magetsi ndi chitukuko, kuti mtsogoleri wathu amadana ndi kuwononga, ndipo kuti m'dera lino muli mwana wa chipani mmodzi amene wamvetsa zimenezi. Analoza amuna anga. Anthu anaomba m'manja. Amuna anga anaimirira n'kuwerama mbali zonse zinayi.

Kuyambira pamenepo mababu aja anasanduka nkhani ya chipani. Anthu anayamba kupita ku Limbe, ndipo msewu wathu unayamba kufiira nyumba ndi nyumba. Madzulo ukamayenda unkangoona timaso tofiira m'mawindo, ngati m'nyumbamo mukukhala afisi. Panalibe wodandaula. Amayi anzanga tikakumana kumsika ankati, "Koma mababu aja ndi abwino, amayi. Maso sawawa." Wina anandiuza kuti ana ake tsopano amagona msanga. Wina anali ndi bandeji pachala, atadzicheka podula anyezi, koma anaumirira kuti mpeni ndi umene unali wolakwa. Masiku amenewo munthu akakufunsa ngati ukuona bwino, unkayamba waona kaye amene akufunsayo. Nyumba yokhayo yowala mumsewu monse inali ya aphunzitsi opuma aja, ndipo anthu ankaidutsa mofulumira ngati muli matenda.

Munthu woyamba kunena zoona anali apongozi anga, mayi awo a amuna anga. Anafika kuchokera ku Chikwawa kutatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike, atanyamula dengu la nsomba zouma ndi thumba la mapira. Kumudzi anali atauza aliyense kuti mwana wawo amakhala m'nyumba ya magetsi. Madzulo amuna anga anawakhazika pampando wabwino n'kudina swichi monyadira. Apongozi anayang'ana uku ndi uku.

"Mwayatsa kale?" anafunsa.

"Tayatsa, amayi."

"Ndiye tandiyatsirani nyali, mwananga, ndiwaone bwino magetsi anuwo."

Mlamu wanga anathawira kubafa, ndipo kuseka kwake kunkamveka ngakhale anatsegula mpope. Amuna anga anafotokoza za mawati, za ku Joni ndi za azungu a m'migodi. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Kumigodiko n'kudzenje, mwananga. Iwe unakumba dzenje liti?" M'mawa mwake anandituma kukagolosale ka a tcheyamani kukagula kanyali ka koloboyi ndi botolo la palafini, n'kuzibisa pansi pa bedi lawo. Ndinadabwa kupeza kuti nyali m'golosalemo zinali zitatsala pang'ono kutha, ndiponso zitakwera mtengo. A tcheyamani chitukuko ankachimvetsa kuposa tonsefe.

Chinkhoswe chinayenera kuyamba masana, panja, pansi pa mtengo wa mango. Koma basi ya akuchimuna inafera panjira kuchokera ku Mulanje, ndipo pamene ankafika, atanyamula tambala wawo, kunali kutayamba kuda, mvula ikuwaza. Tinalowetsa anthu onse pabalaza. Ena anakhala m'mipando, ena pamphasa, ena anaima m'makomo. A tcheyamani, mlendo wolemekezeka, tinawakhazika kumtunda kwa tebulo, pansi penipeni pa chithunzi cha mtsogoleri chimene chinkapachikidwa pamwamba kuposa china chilichonse m'nyumbamo. Amuna anga anadina swichi. Alendo a ku Mulanje anayang'ana kudenga, anayang'anizana, n'kuona baji ya a tcheyamani ikunyezimira pang'ono mumdimamo. Mmodzi wa iwo anati, "Koma m'tauni muli zinthu."

Ankhoswe anayankhula, mbali zonse ziwiri. Kenako inafika nthawi imene anthu amaikonda, yobweretsa atsikana ofundidwa nsalu kuti mnyamata aloze wake. Amayamba ndi onamizira, mnyamata n'kumakana, anthu n'kumaseka, mpaka mwini wake atatulukira. Woyamba kulowa anali msuweni wa mlamu wanga, mtsikana wofanana naye msinkhu. Anamuvundukula. Mnyamata uja anasendera pafupi, anatsinzinira diso limodzi, anapendeketsa mutu. Anali munthu wamanyazi, ndipo anthu onse anali akumudikira.

"Ndi yemweyu," anatero.

Akuchimuna analulutira. Akuchikazi tinangoti kakasi. Ndiye kukhomo la kuchipinda kunamveka mawu a mlamu wanga, nsalu ataiponya kale pansi: "Yemweyo ndani? Iwe, yemweyo ndani?"

Panabuka phokoso. Msuweni uja anayamba kulira, mnyamata akulumbira kuti waona mphuno yofanana, ankhoswe akuyesa kukhazika anthu pansi. Mayi wina wa ku Mulanje, amene mwina sanaione baji ija, anakuwa kuti, "Nanga mwanayu aona bwanji muno ngati m'phanga?"

Mawu amenewo anawalasa amuna anga. Anadumpha miyendo ya anthu n'kuyamba kudina maswichi onse, zimene sanachitepo chibwerere bilu ija. Anayatsa m'khonde lam'kati, kuchipinda, kukhitchini, pakhonde lapanja, kubafa. Sanalekere pomwepo. Anatenga waya wautali umene anabwereka kuntchito, wokhala ndi zopachikira mababu zingapo, anaulumikiza pakhoma n'kuukoleka pamisomali ya makatani. Pabalaza panafiira ngati ng'anjo ya njerwa. Kulira kwa udzudzu kuja kunakula kukhala kwa njuchi.

A tcheyamani anaona kuti nthawi yawo yakwana. Anaimirira kuti akhazikitse bata. Anayamba ndi kutamanda mtsogoleri, anapitiriza ndi umodzi ndi kumvera, n'kufika pa nthawi ya chitaganya. "Ine amene mukundiona pano," anatero akudziguguda pachifuwa, "mfuti zitandiloza chonchi..."

Phuu! Babu la pamwamba pa tebulo linaphulika.

Phuu! Phuu! A pawaya aja anatsatira, limodzi ndi limodzi, magalasi akuwaza ngati matalala. Kukhitchini kunamveka lina. Kenako nyumba yonse inati bii.

Sindinaone zimene zinachitika, ndinangomva. Ndinamva chinthu cholemera chikugunda khoma, china chikugwa n'kusweka, tebulo likukwekwereka, amayi akuitana Yesu m'zinenero zitatu, tambala wa akuchimuna ndi thadzi lathu zikukupiza mapiko pamitu ya anthu. Wina anandiponda phazi n'kupepesa kwa munthu wina. Pakati pa zonsezo panamveka mawu odekha a amalume ake a mnyamata, nkhalamba imene inali itangowoloka malire kumene kuthawa nkhondo ya kwawo.

"Khalani pansi, ana inu. Mfuti siilira choncho."

Patapita kanthawi kuchipinda kunatuluka kuwala. Anali apongozi, atanyamula kanyali kawo ka koloboyi, akuyenda pang'onopang'ono ngati akutsogolera kwaya. Kanali kanyali kakang'ono, kautsi, koma titakhala milungu yonse ija pansi pa mababu a ku Joni, kanatithobwa m'maso.

Ndipo tinaona. Nkhalamba ija inali pamalo pake, chikho cha thobwa chili m'manja. A tcheyamani sankaoneka, kupatula nsapato zawo ndi mbali ina ya thupi imene inakanika kulowa pansi pa tebulo. Pakhoma panali msomali wokha. Podumpha paja a tcheyamaniwo anagunda khoma ndi msana, ndipo chithunzi cha mtsogoleri chinali pansi, galasi litasweka. Pamwamba pake panaima thadzi lathu, ndipo nkhuku ikachita mantha imachita zimene imachita.

Sindinamvepo chete wotero, ngakhale pamaliro. Anthu ankatengedwa n'kusowa chifukwa cha zinthu zochepa kuposa pamenepa. Aliyense anapeza poyang'ana: wina kudenga, wina zikhadabo zake. Amuna anga anali ataima pakhomo, chala chikadali paswichi.

Apongozi anaika nyali patebulo, anaingitsa nkhuku, anatola chithunzicho n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo monga amapukutira mwana mamina. Anachipereka kwa mwana wawo. "Bwezera pamalo pake," anatero. Amuna anga anachipachika chopanda galasi, chopendekeka pang'ono.

A tcheyamani anatuluka chafutambuyo. Anasasa mawondo, anakonza baji, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Amayi ndi abambo," anatero, "muno munali mdima."

"Munali mdima, a tcheyamani," tinavomera tonse pamodzi.

"Alipo amene waona kanthu?"

Panalibe. Ngakhale mayi wa ku Mulanje uja anati iye maso ake ndi ovuta kuyambira kale.

Mwambo unapitirira pa kuwala kwa koloboyi. Mnyamata anapatsidwa mwayi wachiwiri ndipo analoza bwino, ngakhale mlamu wanga anali atamuyandikira kwambiri moti sakanaphonya. Nkhuku anazigwira n'kusinthana. A tcheyamani sanadikire chakudya.

Pamsonkhano wotsatira anaimirira ndi nkhope yolimba. Anati kwamveka kuti m'dera lino mwalowa mababu ochokera kunja, otumizidwa ndi adani a chitukuko kuti aononge maso a anthu, ndipo iwo anawakayikira kuyambira tsiku loyamba. Anthu anaomba m'manja, omwe aja anaomba poyamba. Sanatchule dzina la munthu, koma mitu yonse inatembenukira kwa amuna anga, amene ulendo uno sanaimirire kuti awerame. Mawa lake anyamata a chipani a malaya ofiira anayenda khomo ndi khomo kutolera mababuwo. Kwathu anakhalitsa. Anafunsa makhadi a chipani, ndipo ngakhale tinali nawo, zinapezeka kuti tikufunika ena: la apongozi, la mwana wosayenda uja, ndi lina la amene ndinali ndisanamubereke, poti mmodzi wa anyamatawo anandiyang'ana pamimba n'kuona membala.

Aneba anasiya kutipatsa moni kwa kanthawi. Amayi omwe ankati maso sawawa tsopano ankandionetsa zipsera za m'zala ngati ndinawacheka ndine. Amuna anga anapita kwa aphunzitsi opuma aja kukapempha mababu athu akale. Aphunzitsiwo anawalandira bwino, anawapatsa tiyi pabalaza powala ngati kumwamba, n'kuwauza kuti iwo ndi achikale, ndipo mwachikale mphatso sibwezedwa.

Bilu itabwera, sinasiyane ndi ya mwezi wapitawo. Amuna anga anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwaona? Pakanapanda mababu aja ikanakwera."

Komabe mkwiyo unalipo, ndipo unkafuna mwini. Loweruka anavala jekete, anaika zotsalira za mababu ophulika m'thumba la pepala, n'kunena kuti akupita ku Limbe kukamuonetsa munthu uja chimene chinameta nkhanga mpala. Ndinawatsatira, pang'ono poopa kuti amangidwa, pang'ono pofuna kuonerera. M'basi monse ankayeserera mawu oti akanene, ena m'Chingerezi.

Bambo uja tinamupeza pakhonde lomwelo, tayi yemweyo, pakati pa telala ndi mayi wa mtedza. Koma katoni panalibe. Patsogolo pake panali tebulo laling'ono, ndipo pamwamba pake atayalapo magalasi a maso, mizeremizere.

"Bwana!" anafuula mokondwa, ngati waona m'bale. "Ndimakuyembekezerani."

Amuna anga anakhuthula thumba lija patebulopo. "Ichi n'chiyani? Mwandichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna, pamaso pa mayi anga, pamaso pa chipani!"

Bamboyo anatola kachidutswa kamodzi, anakanunkhiza, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Munayatsa onse nthawi imodzi."

"Nanga mababu ndi a chiyani?"

"Bwana, babu losadya magetsi mukalikakamiza kudya limatani? Munthu wosamwa mowa mukamuthira kachasu m'kamwa, mlandu ndi wa ndani?" Anadikira kuti funsolo lilowe. "Koma ine chimene chikundidetsa nkhawa si chimenecho. Taimani pomwepo. Tayang'anani kuno. Bwana, kodi mukamawerenga nyuzipepala madzulo, simuiyandikitsa kumaso?"

Amuna anga anazengereza. "Nthawi zina."

"Mutu kuwawa pang'ono? Anthu kuoneka ngati zithunzithunzi m'nyumba?"

"Bambo a mwana," ndinatero, "tiyeni tizipita."

"Dikirani kaye, mayi a mwana."

"Ndinadziwa," anatero bamboyo. "Anthu ambiri a ku Naperi abwera ndi vuto lomweli mwezi uno. Ndi matenda a anthu ogwira ntchito ya ubongo. Mababu aja analibe vuto, bwana, kuwala kunalipo kokwanira, koma maso anu ndi amene samakulandira. Tayesani awa. Ndi a ku Joni, amavala madokotala."

Sindinafune kuona mapeto ake. Ndinalowa m'sitolo ya mmwenye, ndinagula babu limodzi wamba, la m'kabokosi kolembedwa, lodzaza ndi mawati ake onse, n'kulibisa m'chikwama pansi pa matewera. Potuluka ndinapeza amuna anga atavala magalasi a mafelemu akuda, akudziyang'ana pa kalilole wa telala. Anandifunsa ngati sakuoneka ngati loya. Ndinati akuoneka. Pokwera basi anaphonya sitepe n'kugwira kondakitala pakhosi, ndipo anati masitepe a mabasi a masiku ano amawapanga mopanda nzeru.

Babu langa ndinaliika kukhitchini iwo ali kuntchito. Zipinda zina zonse zinakhala ndi makandulo mpaka kutha kwa mwezi, chifukwa amuna anga anati akufufuza kaye za mtundu wabwino. Za babu la kukhitchinilo sanafunse kumene linachokera, ndipo ine sindinanene. Koma kuyambira tsiku limenelo, akaweruka ankanyamula mpando ndi nyuzipepala n'kudzakhala pakati pa mbaula ndi ndowa ya madzi, miyendo atatambasula pomwe ine ndinkadutsa ndi mapoto otentha. Magalasi aja ankawakweza pamphumi kuti aone bwino zilembo. Ndikawapempha kuti asendeko, ankati pabalaza pachuluka udzudzu.